Madzi Osamba m'Manja a Phungu

Lolemba m'mawa, Gladness asanaike n'komwe chikwama pansi, Tasha anamukodola ndi chala n'kulowa naye m'kachipinda kophikira tiyi. Anatseka chitseko. Tasha ndiye ankayankhula ndi atolankhani m'malo mwa a Rathbone, phungu wa ku Nyumba ya Malamulo ya chigawo cha Western Australia, ndipo sanali munthu wotseka zitseko. Ankakonda kuti ofesi yonse izimva mmene akukalipira anthu pafoni. Choncho chitseko chitangoti gwa, Gladness anadziwa kuti zavuta.

"Uyu ndi iwe?" anafunsa Tasha m'Chingerezi, atamuyandikizira foni kumaso.

Anali iyeyo, panalibe chokana. Pachithunzipo Gladness anali atagwada, maondo onse awiri pansi, mutu atazyolika, dzanja lina litagwira beseni, lina likuthira madzi a m'jagi. A Rathbone, mzungu wa imvi ndi mimba yake, anali pampando wapulasitiki atatambasula manja, akumwetulira mano onse pamtunda. Pansi pake wina anali atalemba kuti phungu ameneyu amagwaditsa mtsikana wa ku Africa amene akuphunzira ntchito muofesi mwake. Anthu anali atachigawa kale chithunzicho mosawerengeka.

Gladness anachotsa maso pafoniyo. Anatsamira pa sinki.

Zinayenda chonchi. Loweruka lapitalo, ife Amalawi a ku Perth tinali ndi chisangalalo cha Tsiku la Anakubala mu holo ina ku Maddington, anzathu a ku Zambia nawo atabwera ndi phokoso lawo. Azakhali ake a Gladness, a Annastazia, amene amagwira ntchito yosamalira okalamba ndipo ndi omwe amamusunga, anali m'komiti. Iwowa ndi amene anamukakamiza kuti aitane bwana wake. "Mwana wathu ali ku Parliament, ndiye ife tizisowa guest of honour?" A Rathbone anavomera osanyinyirika, poti phungu sakana pomwe pali khamu.

Nthawi ya chakudya itakwana, azakhali anamupatsira Gladness beseni ndi jagi. Anayambira abusa, anagwada. Anafika pa bambo wina wachikulire wa ku Chipata, anagwada. Pampando wotsatira panali a Rathbone. Akanatani mwanayo? Aimirire pa iwo okha, ngati kuti ndi ochepa? Maondo anapita okha pansi monga anawaphunzitsira ku Area 25 asanadziwe n'komwe kulemba dzina lake.

Ndiye pali a Goodwill. Mkati mwa sabata amanyamula katundu ku Welshpool, koma likafika Loweruka amasanduka wojambula wa mtundu wonse, kamera ili lendee pamimba. Iwowo anati tcha. Madzulo anaika chithunzicho pa Facebook n'kulemba kuti ana athu sanataye mwambo. Abusa ndi bambo wa ku Chipata anawadula, akuti ankawononga kaonekedwe. Ife tinasangalala, tinaikapo timitima tofiira, ena mpaka kulemba kuti mtsikana uyu ndi woyenera kukwatiwa ndi mwana wa munthu. Pofika Lamulungu chithunzicho chinali chitatuluka pakati pathu n'kugwera m'manja mwa anthu amene sadziwa kuti Malawi ali mbali iti.

"Ndi ulemu chabe," anatero Gladness. "Kwathu timatero kwa wamkulu aliyense. Ndinagwadiranso ena, anawadula. Palibe anandituma, ndithu."

"Ineyo ndikukhulupirira," anatero Tasha. "Koma awa sakundifunsa ine." Anagwedeza foniyo. "A ku yunivesite kwako aimba kale. Ali pa laini."

Anaika foni pathebulo n'kukweza mawu kuti onse amve. Anali Betty, mphunzitsi amene amayang'anira ophunzira otumizidwa kukagwira ntchito kwa aphungu. Anayankhula mofatsa kwambiri, ndipo kufatsa kumeneko n'kumene kunamuopsa Gladness kuposa kukalipa. Anamufunsa ngati ali bwino. Anamufunsa ngati pali wina amene anamuchititsa kumva kuti ndi wotsika. Kenako anafika pa mfundo. Yunivesite ili ndi udindo woteteza ophunzira ake, ndipo ikaona kuti malo ena si abwino kwa wophunzira, imamuchotsako nthawi yomweyo, kaya iye afune kaya asafune.

"Koma ndatsala pang'ono kumaliza," anatero Gladness.

"Ndikudziwa. Tikakuchotsa, ungadzabwereze chaka chamawa kwa phungu wina."

Chaka chamawa! Betty anatchula mawuwa ngati akunena za Lachinayi. Intenishipu imeneyi inali phunziro lomaliza pa digiri ya Gladness, ndipo viza yake ya sukulu inkathera pomwe digiri ikuthera. Kumuchotsa kunali kumukweza ndege yopita ku Lilongwe chimanjamanja, zaka zonse za kudzuka m'mamawa kuthamangira basi ya ku yunivesite ya Murdoch zitapita m'madzi. Ndipo ntchitoyo ankaikonda. A Rathbone anamupatsa kafukufuku wa mabasi, kuti aone mmene anthu a mashifiti a m'mamawa amavutikira kufika ku mafakitale, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wake munthu wamkulu ankawerenga zimene iye walemba atagwira pensulo.

Tasha anali atakonza kale njira. Mawa masana, Nyumba ya Malamulo isanayambe kukumana, a Rathbone akaima pamasitepe akutsogolo kuyankha atolankhani, Gladness ali pambali pawo. Akafotokoze yekha kuti ndi mwambo wakwawo, anachita mwa kufuna kwake, ndipo anachitira akuluakulu onse. Aime njo, ayang'ane anthu m'maso, asazyolike. Betty anati abwera kudzaonera, ndipo akakhutira, nkhani ithera pomwepo.

"Koma ndinene mosabisa," anawonjezera Betty. "Kukatuluka chithunzi china chotere, sindidzakhalanso ndi chonena. Ndidzakuchotsa tsiku lomwelo."

A Rathbone anafika cha m'ma teni, nkhope ili psuu. Anaima pa desiki ya Gladness n'kupepesa, akuti anayenera kuzindikira, akuti ankaganiza kuti kukana madziwo kukanakhala chipongwe. Gladness anafuna kudzuka, anafuna kukhala, anafuna kuthyola bondo, n'kukumbukira kuti bondo ndilo lamupalamulira. Anangouma pampandopo ngati chitsa, akuyang'ana mabatani a malaya awo. Munthu wamkulu chonchi kupepesa kwa iye, poyera, anthu akumva! Kwa mwana wa ku Lilongwe zimenezi sizitonthoza mtima. Kwathu wamkulu akakupepesa pagulu umadziwa kuti chikubwera m'mbuyo n'chachikulu.

Tsiku lonse foni yake inkangonjenjemera m'chikwama. Anthu osawadziwa anali atapeza dzina lake. Ena ankamumvera chisoni, kumuuza kuti alimbe mtima aulule zonse, iwo ali pambuyo pake. Ena ankamunena kuti ndi kapolo wodzifunira, wochititsa manyazi akazi onse akuda. Wina analemba dzina la dera limene amakhala. Gladness anazimitsa foniyo, koma mantha sazima ndi batani. M'sitima yobwerera ku Maddington anakhala pakona, atakokera chipewa cha juzi kumaso ngakhale kunali kotentha, ndipo aliyense amene wakweza foni ankaona ngati akumujambula. Mayi wina anamumwetulira. Gladness anatsika pasiteshoni imene si yake n'kudikira sitima ina.

Anapeza azakhali ake atakhala pabalaza, yunifolomu ya kuntchito asanavule, wailesi yakanema ili chete. A Goodwill anali atawaimbira kale akulira.

"Khala pansi," anatero a Annastazia. "Abwanawo akuti bwanji?"

"Sanakwiye, anti. Apepesa."

"Apepesa?" Azakhali anagwira pachifuwa. "Mayo ine. Ndiye kuti zavuta zenizeni."

A Annastazia si munthu wamantha pa zinthu zambiri. Amanyamula madoda olemera kuwachotsa pabedi, amatsuka mabala, amatseka maso a anthu omwalira popanda dzanja kunjenjemera. Koma anakula m'nthawi imene munthu ankatha kusowa chifukwa choti wanena za munthu wa boma ali pamowa, ndipo mantha amenewo anawoloka nawo nyanja osawasiya pabwalo la ndege. Kwa iwo phungu ndi phungu, kaya avale suti kaya kabudula.

"Munthu uja tamuika m'manyuzi," anatero. "Tamuitana tokha, tamudyetsa, kenako tamuvula pagulu. Ukuganiza kuti aiwala? Angokweza foni kamodzi basi, iwe ndi ine tonse pa airport."

"Anti, za visa ndi za federal, boma lalikulu. Iwo aja ndi a state, a chigawo chabe, sizikuwakhudza."

"Boma ndi boma, iwe. Usandiphunzitse za m'buku. Onse amamwera tiyi kumodzi."

Gladness anafotokoza zimene Tasha wakonza, za masitepe, za atolankhani, za kuima njo. Azakhali ankamvetsera akupukusa mutu.

"Ndiye mwana ukaime pambali pa munthu wamkulu amene wamulakwira, uzikamuyang'ana m'maso? Ayi. Nkhuyu zodya mwana zimapota wamkulu. Beseni lija ndinakupatsa ndine. Mawa ndipita ndekha ndikawagwire mwendo, ndikapepese bwinobwino monga anthu amachitira. Munthu ukamugwadira ndi mtima wonse sangakuponde."

Gladness anagwira mutu. Anaona zonse m'maso mwake, zooneka bwino kuposa chithunzi cha a Goodwill: masitepe, makamera, Betty ali potero, ndiye mayi wachikulire wakuda atagwada pamapazi a a Rathbone.

"Anti, chonde, musapite. Kugwadako ndi kumene kwabweretsa zonsezi."

"Ayi, chabweretsa zonsezi ndi kamera ya Goodwill. Kugwada sikunaphepo munthu."

"Akuti kukatuluka picture ina andichotsa same day. Anti, mukumva? Andichotsa. Degree yonse ithera pomwepo."

"Amene akunena zimenezo ndi ndani? Ka teacher? Nanga ka teacher ndi MP wamkulu ndani? Tikakonza kumtunda, kumunsi kukonzeka kokha."

Anakangana mpaka dzuwa kulowa, ngati n'koyenera kuti kukangana pamene wina akuyankhula ndipo wina akungopempha. Gladness analira. Ananena m'Chichewa, ananena m'Chingerezi, anawaonetsa ndemanga za anthu pafoni. Azakhali anawerenga ziwiri zitatu, milomo ikuyenda, n'kubweza foniyo ngati yanyowa. Pomaliza anapuma mozama.

"Ndamva," anatero.

Amene anakulira m'manja mwa amayi a kwathu amadziwa kuti "ndamva" si "ndavomera". Gladness ankadziwa. Chimene chinamukhazika mtima pansi pang'ono n'choti Lachiwiri azakhali anali ndi shifiti ya m'mawa mpaka madzulo, ndipo a Annastazia sajomba ntchito ngakhale mutu ukuwawa chotani. M'mawa anawamva akutuluka, anasuzumira pawindo n'kuona kuti avala yunifolomu. Anathokoza Mulungu. Chikwama chachikulu chimene ananyamula anachiona, koma anadziuza kuti muli chakudya.

Nyumba ya Malamulo ili pamtunda, ndipo ukaima pamasitepe ake umaona tauni yonse ili pansi, magalimoto akuthamanga mumsewu waukulu. Tsiku lake loyamba Gladness anajambula malo amenewa n'kutumiza kwa bambo ake. Lachiwiri limeneli sanaone chilichonse. M'mawa wonse Tasha anamuyeseza m'kachipinda kaja. Mutu m'mwamba. Manja asagwirane kutsogolo. Asanene kuti "sir". Akafunsidwa ngati amawaopa a Rathbone aseke pang'ono. Gladness anayesa kuseka, chinatuluka chinthu china chake, Tasha n'kunena kuti basi zosekazo azisiye. Chakudya chamasana sanachikhudze.

Atatuluka panja anapeza atolankhani akudikira. Sanali ambiri, koma makamera awo anali aakulu, ndipo panali ndodo zija za maikolofoni zovala ubweya. Kunkawomba mphepo. Betty anaima chapatali pang'ono, mayi wamfupi wa magalasi, atapinda manja. Anamugwedezera mutu Gladness mokoma mtima.

A Rathbone anayamba. Ananena kuti anali mlendo pamwambo wa anthu okoma mtima, ndipo akumvetsa chifukwa chimene chithunzicho chakhumudwitsa ambiri. Kenako anasuntha n'kumusiyira malo Gladness.

Gladness anayandikira maikolofoni. Anayang'ana kamera yapakati monga anamuuzira, n'kutchula dzina lake. Ananena kuti ndi wophunzira wa ku Malawi. Ananena kuti kwawo munthu akamathira madzi wamkulu amagwada, ndipo tsikulo anagwadira akuluakulu angapo. Mawu anayamba kubwera okha. Anamva kuti akukwanitsa, anamva kuti mwina apulumuka.

Apo ndi pamene diso lake linagwera kumunsi kwa masitepe.

Chitenje chobiriwira. Chimene akomiti onse anasoketsa cha Tsiku la Anakubala, ndi duku lake. A Annastazia ankakwera pang'onopang'ono, sitepe imodzi imodzi, atagwira chitsulo cha m'mbali chifukwa bondo lakumanja limawavuta. Yunifolomu anali atavula. Kumbuyo kwawo kunali a Goodwill, opanda kamera, chipewa chili m'manja, nkhope ngati ya pamaliro.

Mtolankhani wina wamkazi anafunsa funso. Gladness anaona milomo yake ikuyenda koma sanamve kanthu.

"Pepani, mubwereze?"

"Ndikuti, kodi unkaona kuti ukanatha kukana?"

"Inde. Inde, ndikanatha."

Azakhali anali atafika pakati pa masitepe. Mlonda wa pakhomo anawayang'ana n'kuwasiya, poti malo amenewa ndi a aliyense, ndipo mayi wachikulire wovala bwino angalakwe chiyani? Gladness anayesa kuwayankhula ndi maso. Anapukusa mutu pang'ono kwambiri. Azakhali sankayang'ana iye. Maso awo anali pa a Rathbone, ndipo milomo yawo inkayenda, akuyeseza Chingerezi chimene anakonza m'sitima. Ankanjenjemera. Gladness anaona zimenezo bwinobwino, kuti mayi ameneyu ali ndi mantha kuposa iye, ndipo wakwera phiri lonseli, wasiya shifiti imene sanaisiyepo, chifukwa cha mwana wa mchimwene wake.

"Pali amene akunena kuti mwambo umenewu umatsitsa akazi," anatero mtolankhani wina. "Ukuti bwanji?"

Gladness anatsegula pakamwa. Azakhali anadutsa m'mbali mwa atolankhani n'kutulukira poyera, mapazi ochepa kuchokera pomwe anaima a Rathbone. Kamera imodzi inatembenuka. Tasha anakweza nsidze. A Rathbone anawazindikira, anamwetulira n'kuyamba kutambasula dzanja kuti awapatse moni. Ndipo a Annastazia anachita chimene mayi aliyense wa kwathu amachita asanapite pansi: anasonkhanitsa chitenje ndi manja onse awiri pamwamba pa maondo.

Gladness sanaganize. Anangopezeka wafika. Anawakumbatira azakhali ake mwamphamvu, dzanja lina kumsana, lina litalowa m'khwapa n'kugwira mnofu wa mkono, n'kuwanyamula. Azakhali anali atayamba kale kutsika, ndipo thupi lawo lonse linalendewera pa iye. Ndi olemera a Annastazia. Gladness anakanikiza mapazi pansi n'kukoka.

"Ndisiye, iwe," ananong'ona azakhali. "Ndisiye ndipepese."

"Imirirani."

"Ndati ndisiye. Ndikukonzera iwe wemwe."

Anayesanso kutsika, mwamakani, bondo lovuta lija likulira. Gladness anamva akuterereka m'manja mwake. Pamwamba pa phewa lawo anaona magalasi a Betty, anaona makamera onse atatembenukira kwa iwo. Anamiza zikhadabo mu mnofu uja mpaka anamva azakhali akudzidzimuka. Anaika pakamwa pake pa khutu lawo, nkhope yake ikumwetulira kuti makamera aone, n'kunena mawu amene sanawanenepo kwa munthu wamkulu aliyense chibadwire.

"Mukangogwada pano, ine ndi inu chibale chatha. Mwandiwonongera kokwanira ndi zaumbuli zanuzi. Imirirani!"

Thupi lija linauma. Kenako, pang'onopang'ono, linadziimirira lokha. Manja a azakhali anasiya chitenje, chinagwa n'kuphimba akakolo.

Gladness anatembenuka, dzanja lake likadali m'khwapa mwawo, n'kuyang'ana makamera. Misozi inali ikutsika, ndipo anaisiya kuti itsike.

"Awa ndi azakhali anga," anatero m'Chingerezi. "Ndi amene amandisunga. Abwera kudzandilimbikitsa."

Panamveka kaphokoso kaja kamene azungu amachita akaona chinthu chogwira mtima. Makamera anati tcha tcha tcha. A Rathbone anabwera n'kugwira dzanja la a Annastazia ndi manja awo onse awiri, kuwathokoza chifukwa cha chakudya cha Loweruka, ndipo azakhali anawapatsa dzanjalo ataimirira. Mtolankhani wina anawafunsa ngati amamunyadira mwana wawoyu. Anayang'ana maikolofoni, anayang'ana pansi.

"Yes," anatero.

Zinathera pomwepo. Atolankhani anayamba kupinda zingwe zawo, wina akunena kale za nkhani ina. Betty anabwera, maso ali onyowa kuseri kwa magalasi, n'kumugwira Gladness paphewa. Anati wakhutira. Anati ndi zosangalatsa kuona wophunzira amene ali ndi banja lomukonda chonchi, ndipo akuyembekezera kuwerenga kafukufuku wa mabasi uja. Tasha anali akuyang'ana kale pafoni, akumwetulira. "Chithunzi ichi ndiye chabwino," anatero. "Ukutsala, mtsikana. Tiye, mabelu ayamba."

Mabelu oitana aphungu anali akulira m'katimo ndithu. Gladness anapempha kamphindi. Azakhali anali atayamba kale kutsika masitepe, atagwira chitsulo, a Goodwill ali pambali pawo osadziwa kuti awagwire kapena ayi. Anawathamangira.

"Anti."

Anaima osatembenuka. Pamkono pawo, pansi pa dzanja la bulauzi, panali timabala tating'ono tondandana, kamodzi kakutuluka magazi. Ankapasisita ndi chala chachikulu.

"Anti, akuti sandichotsa. Zatheka. Ndimaliza sukulu."

"Ndamva nawo," anatero a Annastazia. "Zikomo kwa Mulungu."

"Zimene ndanena zija, ndimangofuna kuti..."

"Wanena zoona, mwanawe. Ifeyo sitinapite patali ndi sukulu." Mawu awo anali ofatsa, opanda mkwiyo, ndipo Gladness akanakonda akanamukalipira. Anakonza duku lawo limene mphepo inapendeketsa. "Bwerera, akukudikira anzako. Usachedwe chifukwa cha ine."

"Ndikuperekezeni mpaka pa bus stop."

"Ayi. Anthu angakuone uli nane."

Anapitiriza kutsika, sitepe imodzi imodzi. Gladness anaima pomwepo, manja ali lende. Kumtunda Tasha anali atagwira chitseko, akumuitana ndi dzina. Mabelu sanasiye kulira. Anapukuta kumaso ndi dzanja la jekete, anakwera masitepe aja, n'kulowa.